Manda Atatu a Loweruka Limodzi

Ndinalonjeza dothi lidakali m'manja. Munali mu Okutobala 1999, tsiku Loweruka, titangokwirira ababa, a Stafford Likongwe, kumanda a khonsolo m'katawuni kamene tinkachita lendi, kunja kwa Gaborone, kupitirira Mokolodi. Amayi anandigwira pamkono, nati, "Conrad, bambo ako anabadwira ku Ntcheu, anakulira ku Kadoma, lero agona kuno kwa eni. Asagone ngati munthu wopanda abale."

"Chaka chisanathe ndiwaka chiliza, amayi," ndinatero. "Aliyense wodutsa adzawerenga dzina lawo."

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo mawu sankandilemera pakamwa. Patangopita miyezi isanu ndi itatu ndinakwera ndege ya ku England kukaphunzira. Maphunziro anatha, ine sindinabwere. Amayi anabwerera ku Kadoma ndipo anamwalira komweko mu 2014. Maliro awo ndinawaonera pa foni.

Ndafika ku Gaborone chaka chino, patadutsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndili ndi masabata atatu okha a tchuthi. Tawuni ndinaipeza itanenepa ngati munthu wokwezedwa pa ntchito, ndipo sinandizindikire. Pabwalo pamene tinkamenya mpira pali sitolo zosanjikana. Galaja ya ku Gaborone West Industrial, mmene ababa ankawongola magalimoto ophwanyika, tsopano amagulitsamo matailosi. Ndinaima pakhomo pake ndikukoka mpweya, kufunafuna fungo la girisi ndi penti. Munkanunkhira sopo wokolopera.

Misewu iwiri kuchokera pamenepo ndinapeza osema ziliza. Ndinasankha mwala wakuda wa giranaiti, wonyezimira moti ndinadziona imvi zanga. Wosemayo anati dzina alemba mawa lomwe, koma kukaika pamanda sangapite popanda chilolezo cha khonsolo ndi nambala ya manda.

Nambala ndinakafunsa kwa mlongo wanga Irene. Iye sanachoke m'dziko muno. Amasoka zovala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wa ku yunivesite, ku dera la The Village. Ndinamupeza atagwada, akupinda mpendero wa diresi.

"Ndi 412," anatero, mapini ali pakamwa.

"Basi chatha. Loweruka likubwerali tikauika mwalawo."

"Mwapitako kumandako?"

"Mawa."

"Pitani kaye, mukoma," anatero, kunditchula achimwene m'chilankhulo cha ku Kadoma. "Inu ndi a mapepala. Mukaone ngati mapepala akulozereni."

Ndinapita. Masiku amene ndinachoka, manda aliwonse anali ndi kachitsulo ka nambala kumutu, ndipo ambiri anali ndi khola lachitsulo lofoleredwa ndi neti yobiriwira, monga amachitira anthu a kuno. Pa ababa khola analiwotcherera a Jabulani, mnzawo wa ku galaja. Kuchigawo chakalecho ndinapeza mitumbira yokhayokha, yotsika, yofanana ngati mizere ya m'munda wosiyidwa. Wosamalira manda anati zitsulo anazula anthu ogulitsa zitsulo zakutha, kalekale, ndipo zotsala inagwetsa mvula ya 2017. Ndinazungulira ola lathunthu. Sindinathe ngakhale kukumbukira mbali imene ndinaimirira tsiku lija.

Mkwiyo ndi wabwino, umam'patsa munthu kolowera. Ndinalunjika ku ofesi ya khonsolo.

Inali nyumba yaitali ya njerwa zofiira, yokhala ndi benchi pakhonde ndi mtengo wa mthethe pabwalo. Pa zenera la zolembera panali mayi wa magalasi, dzina lake pachifuwa: Louisa. Ndinayamba kulankhula ndisanafike n'komwe, m'Chingerezi changa cha ku Leicester. Ndinati ndikufuna kuona buku la oikidwa m'manda la 1999, mapu a manda, ndi pepala lililonse lokhudza nambala 412. Ndinati ndi ufulu wanga. Ndinati khonsolo yataya bambo anga.

Anandisiya mpaka ndinatha mpweya.

"Dumela, rra," anatero.

Manyazi anandigwira. Mwana wokulira kuno, kuiwala moni. "Dumela, mma."

"Eya. Tsopano tiyambe." Anatulutsa fomu. "Mulembe chimene mukufuna, ndi chifukwa chake. Mubweretse fotokope ya pasipoti yodindidwa ku polisi. Masiku khumi a ntchito."

"Masiku khumi? Kumene ndimakhala zimenezi ndi email imodzi."

"Kumene mumakhala kuli bwino, rra. Kuno mafayilo a 1999 ali m'kontena kuseriko, ndipo kiyi ali ndi munthu amene wapita ku maliro ku Molepolole."

Pa mzere wa chifukwa ndinalemba mawu aukali, mpaka anasefukira kuseri kwa pepala. Ndinatchulamo za kunyalanyaza, ndi zoti nkhaniyi ikhoza kufika ku nyuzipepala. Mma Louisa anawerenga zonse, nadinda chidindo, nati, "Muli ndi dzanja lokongola."

Mma Louisa anaimba foni patapita masiku asanu ndi atatu. Irene anati apita nane. Tinakwera minibasi. Ananyamula kakhasu kakang'ono m'jumbo, ndipo ine sindinafunse.

Anatilowetsa m'kachipinda ka tebulo limodzi. Mma Louisa anaika buku lalikulu patsogolo panga, nalitsegula pamene anaikapo kapepala. Dzina la ababa linalipo: Likongwe, Stafford, zaka 52, nambala 412. Pamwamba pawo 411, mayi wina wa zaka 29. Pansi pawo 413, mwamuna wa zaka 34. Onse tsiku limodzi.

"Zaka zimenezo Loweruka lililonse tinkaika anthu ngati tikudzala," anatero Mma Louisa. "Nambala inkaperekedwa muno mu ofesi. Kumandako okumba ankakumba maenje atatu, maliro oyamba kufika n'kulowa m'dzenje limene akonda. Kenako n'kuzika kachitsulo."

"Ndiye mapu?"

"Mapu akusonyeza mzere ndi tsiku. Sakusonyeza amene ali pakati, kapena kumanzere."

"Ndiye mukuvomera kuti munalakwitsa."

"Pali fayilo inanso, rra. Munapempha pepala lililonse."

Inali fayilo yopyapyala, yomangidwa ndi kachingwe. Pepala loyamba linali fomu ya tsiku la maliro, ndipo pansi pake panali siginecha yanga, yaikulu, ya mchira wopindika. Ndinakumbukira. Madala a bungwe lathu la maliro, a ku Malawi ndi a ku Zambia, anandikankhira kutsogolo m'mawa umenewo. "Asaine mwana wamwamuna, ndi amene amadziwa Chizungu." Amayi anali panja, atafunda chitenje kumutu. Palibe anawafunsa.

"Wosaina apa ndiye mwini wa manda m'buku lathu," anatero Mma Louisa. "Chilichonse chomangidwa pamenepo chimafuna dzanja lake."

Pepala lachiwiri linali la mu 2006: pempho loika chiliza. Analemba ndi a Jabulani, ndi zilembo zikuluzikulu za munthu wozolowera kulemba pa chitsulo ndi choko. Amayi anasaina pansi. Panalinso chojambula cha pensulo: chiliza cha simenti, chachifupi, mtanda pamwamba, dzina lolembedwa ndi msomali simenti isanaume. Pakona panali chidindo chonena kuti akudikira mwini wa manda. Kuseri kwake kunali kope ya kalata imene khonsolo inanditumizira ku Leicester.

Pepala lachitatu ndinalizindikira lisanatembenuzidwe. Linali la fakisi, lofiirira ndi ukalamba, zilembo zikufufutika. Zaka zonsezi ndinkadziuza kuti mwina silinafike.

Ndinalitumiza kuchokera ku laibulale imene ndinkagwirako ntchito. Ndinalemba kuti ine, mwini wa manda 412, ndikukana kuti pamangidwe chinthu chilichonse chosakhalitsa kapena chosayenera ulemu wa malemu, kufikira nditabwera ndekha kudzaika mwala woyenera, zimene ndidzachita posachedwa. Sabata imeneyo ndinali nditauza amayi pa foni kuti, "Musandichititse manyazi ndi zasimenti. Dikirani, ndibwera ndi giranaiti." Iwo anangoti, "Chabwino, mwanangu." Anadikira zaka ziwiri, kenako anabwerera ku Kadoma.

"Chingerezi chabwino," anatero Mma Louisa, osaseka. "Ife tinachita zimene munalamula."

Ndinayang'ana Irene. Iye ankayang'ana chojambula cha a Jabulani.

"Unkadziwa?"

"Ndinali pano tsiku limene anawawerengera amayi," anatero. "Pa benchi ya pakhondepo. A Jabulani anali atagula kale simenti matumba awiri. Inauma m'galaja."

"Bwanji sunandiuze nditafika?"

"Ndikuuzeni chani, mukoma? Kalata munalemba ndinu."

Simenti sibedwa. Zimenezo palibe anazinena, koma tonse atatu tinazimva. Munthu wa zitsulo zakutha sakanayang'ana n'komwe kachiliza ka a Jabulani.

Mma Louisa anakankhira fomu ina kwa ine. Anati njira ilipo. Ngati ndingalumbire pa pepala kuti ndikudziwa motsimikiza manda a bambo anga, chilolezo chituluka mawa. Ngati sindingalumbire, nkhani ipita ku komiti, imene idzayesa kupeza abale a 411 ndi 413. Komiti imakumana mu Malichi, ndipo mwini wa manda ayenera kudzakhalapo yekha.

"A Jabulani angadziwe," ndinatero.

"Tinawaika chaka chatha," anatero Irene. "Ndinakutumizirani uthenga. Munayankha ndi kachithunzi ka timanja topemphera."

Ndinapinda fomu, ndinathokoza kuti, "Ke a leboga, mma," ndipo tinatuluka.

Kumanda Irene sanazungulire ngati ine. Analunjika pamene panali chitsa cha mtengo, nawerenga mizere inayi, naima. Panali mitumbira itatu yogundizana, yopanda udzu ngakhale umodzi, pamene ina yonse yozungulira inali m'tchire. Pamutu pa uliwonse panali kabotolo ka maluwa apulasitiki ozilala.

"Ndi amodzi mwa awa," anatero. "Ndinapita ku Francistown ndi bambo a ana, zaka zisanu ndi chimodzi. Pobwera ndinapeza zitsulo kulibe. Ndinkati ndi apakati. Tsiku lina ndimati ndi a kumanjawa. Ndiye ndimangopalira onse."

Anatulutsa kakhasu kaja, nayamba kukwapula timaudzu timene ine sindinkationa.

"Ndi apakati," ndinatero. "Ndikukumbukira. Kumbali zonse ziwiri kunali anthu akuimba."

"Mukukumbukira, kapena ndege yanu ndi ya Lamlungu?"

"Irene, mwala wasemedwa kale. Ndikasaina, Loweruka chatha. Ndani angadziwe?"

Anaweramuka, nagwira m'chiuno. "Maiwe. Mukufuna mukhazike dzina la ababa pachifuwa pa mwana wamkazi wa eni? Mayi ake akadzabwera tsiku lina, adzapeze mdala wa ku Ntcheu atagona pa mwana wawo? Ndipo ababa ali pambalipa akuonerera?"

"Mwayi ulipo woti ndalondola."

"Awa si malotale, mukoma. Khalani mpaka Malichi. Kapena mupite, mudzabwere."

"Ntchito..."

"Ee. Ntchito." Anaweramanso. "Sunthani phazi, mwaponda pamutu pa munthu."

Ndinasuntha, koma sindinadziwe kosunthira. Ndinatulutsa fomu ija m'thumba. Mzere wosainapo unali waufupi, ndipo dzanja langa lasainapo mizere yotere yambirimbiri. Ndinayang'ana mtumbira wapakati nthawi yaitali, kuupempha kuti undikumbutse kanthu: nsapato ya m'busa, pamene amayi anagwera, mbali imene kunali dzuwa. Chimene ndinakumbukira ndi mawu anga okha, ndi mmene madala anagwedezera mitu kuti mwanayu ndi mwamuna.

Sindinasaine. Ndinapempha kakhasu, Irene anandipatsa, ndipo ndinapalira pamene iye anali atapalira kale.

Lachisanu ndinapita kwa wosema uja. Dzina linali litalembedwa ndi zilembo zagolide, tsiku lobadwa ndi lomwalira, ndi mawu amene ndinasankha ndekha: SITIDZAKUIWALANI. Anandifunsa za chilolezo. Ndinati asunge mwalawo kaye. Anaitana anzake awiri, naunyamula, nakauyedzamiritsa kuseri kwa shedi, kumene kunali miyala ina isanu ndi umodzi yoyang'ana kukhoma.

"Mpaka liti, rra?"

"Malichi," ndinatero.

Lamlungu Irene anandiperekeza mpaka pokwerera takisi. Anandikonzera kolala ya malaya, nati ulusi wa batani wayamba kumasuka, ndikafike ndikasoketse.

Malichi anafika. Komiti inakumana Lachiwiri, ndipo Mma Louisa anandilembera kuti nkhani ya 412 sinakambidwe chifukwa mwini wa manda sanabwere. Pamanda a ababa palibe chiliza.