Tambala wa M'chombo

Mkazi wanga Malita anamwalira zaka zinayi zapitazo. Anasiya makina osokera, ana awiri amene ali ku Ndirande, ndi mawu ake pa chimbale chimodzi cha filimu.

Filimuyo ndi ya nkhondo ya m'mlengalenga. Anthu achitsulo akulanda dziko, mkazi wina woyendetsa chombo akulimbana nawo. Anaimasulira m'Chichewa ndi malemu Fikirini, amene anali ndi vidiyo shoo pa Lirangwe. Omasulira amalankhula okha mawu onse, aamuna ndi aakazi omwe. Koma sabata imeneyo Fikirini anali atasasa mawu, ndiye anabwera ndi maikolofoni kwathu. Malita analankhula mbali ya mkaziyo atakhala pakhonde. Pamene chombo chikudutsa pakati pa nyenyezi, tambala wathu amalira. Malita amati, "Choka iwe!" kenako n'kupitiriza kulamula asilikali.

Ndimaonera Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi. Chaka chino chimbalecho chinayamba kudumphadumpha. Ndinachipukuta ndi mankhwala otsukira mano. Sizinathandize.

Ndiye kunabwera Tony. Amagulitsa mafilimu ku Chileka, m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege. Anaimitsa njinga yamoto pabwalo, n'kutulutsa kabokosi kachitsulo konyezimira.

"Madala, mwaiona iyi? Filimu yanu yomwe ija, koma sipesho. Zimbale ziwiri. Muli zonse zimene anadula poyamba. Mkazi uja safa pomaliza, amatuluka m'moto."

"Wakuuza ndani kuti ndili nayo?"

"Aa, a Alufandika, Lirangwe yonse imadziwa. Mundibwereke chanucho, nditengemo mawu a mayi, ndiwaike pa chatsopanochi. Chanucho chikufa, eti?"

Ndinakana. Anabweranso, ndinakananso. Ankaseka kwambiri, ndipo polankhula ankayang'ana shelefu pamene panali chimbalecho, osati ine. Koma Lamulungu lotsatira chimbale chinaima pakati, nkhope ya mkaziyo itayasama, mawu osatuluka. Tony atabwera kachitatu ndinampatsa.

"Masiku awiri," ndinatero.

Anatha masiku asanu ndi anayi. Anabwera ndi kabokosi kachitsulo kaja kokha.

"Changa chili kuti?"

"Chinafera mu kompyuta, madala. Chinachita kusweka. Koma mawu ndinapulumutsa, onse ali umu. Muonere mundiuze."

Sanadikire kuti ndiyatse. Anati ali ndi makasitomala pa Mdeka.

Ndinaonera ndekha masana omwewo. Zithunzi zinali zowala, zoposa zakale. Mkaziyo analankhula, ndipo anali ngati Malita, ndi kakokedwe kake ka mawu. Kenako anafika malo amene sindinawaonepo: mkaziyo ali m'phanga, akukambirana ndi munthu wachitsulo. Ankalankhulabe Chichewa. Malita sanaone phanga limenelo. Analankhula bwanji?

Ndinadikira nyenyezi. Chombo chinadutsa pakati pawo mwakachetechete. Tambala sanalire.

M'mawa ndinakwera minibasi, kabokosi kali m'thumba la jekete. Shopu ya Tony ndi kachipinda kamodzi kogawidwa ndi nsalu. Iye kunalibe. Kuseri kwa nsalu kunkamveka mawu awiri. Oyamba, a Malita, anati, "Tsekani zitseko, akubwera!" n'kudumpha. Achiwiri anabwereza zomwezo. Oyamba anayambiranso.

Ndinakankha nsalu. Mayi wina anali pa kompyuta, maikolofoni kukamwa. Anali Evelyn, mkazi wa Tony. Ataona nkhope yanga anaika maikolofoni pansi.

"Ndinu a Alufandika?"

"Ndine."

Ndinakhala pa benchi. Patapita nthawi Tony analowa atanyamula chipisi m'pepala.

"Aa, madala! Mwaikonda? Mwaona mmene akutulukira m'moto?"

Ndinaika kabokosi patebulo. "Tambala."

"Tambala wanji?"

"Ndinakuuza ine," Evelyn anatero. "Ndinati tambala uja ndi wawo, adzafunsa. Iwe n'kumati phokoso."

"Khala chete, mayi. Madala, mvetsani. Chanu chija chimadumpha, ndipo sipesho ndi yaitali, mawu sakanagwirizana. Ndiye tinangokonza pang'ono. Anthu akufuna mawu a mayi Malita kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Evelyn akuwatha bwino, inunso simunazindikire msanga."

"Unati chinasweka."

"Chili ngati chosweka."

"Chikulira mu kompyutamo."

Ndege inadutsa pamwamba, malata ananjenjemera. Tony anadikira kuti ithe. Kenako anayesa kukamba za chimbale chachiwiri, kuti muli mmene anapangira anthu achitsulo, kuti ena amalipira zambiri kuti aone. Ndinangomuyang'ana. Makasitomala awiri analowa, anaona mmene zinalili, anatuluka.

"Achoka liti awa?" Tony anafunsa mkazi wake chapansipansi.

"Afunse wekha."

Evelyn ndiye anatulutsa chimbale. Ndinachitembenuza. Dzina la Fikirini lolembedwa ndi cholembera cha maka linalipo, pamodzi ndi zokandika zonse zimene ndimazidziwa.

"Bambo, chimenechi sichifika Khirisimasi," anatero. "Mundilole ndikukopereni pa memori kadi mmene chililimu. Sindichotsa kanthu."

"Ukopere ndili pano."

"Muli pomwepo."

Zinatenga nthawi yaitali, chifukwa chimbale chinkaima, iye n'kuyambiranso. Tony anadya chipisi chake panja. Zitatha Evelyn anafuna kundipatsa kadi.

"Yatsa kaye."

Anayatsa. Zithunzi zinali zakale zomwe zija, zotuwa. Anafuna kuthamangitsa kuti tifike msanga, ndinamuletsa. Tinaonera mpaka chombo chinalowa pakati pa nyenyezi. Panadumpha kamodzi. Kenako tambala analira, Malita anati, "Choka iwe!"

Evelyn anaseka, kenako anagwira pakamwa.

Ndinakulunga kadi ndi chimbale m'mpango. Pakhomo Tony anandithamangira ndi kabokosi kachitsulo.

"Tengani, madala, ndi kanu. Umu mkaziyo safa."

"Anafa," ndinatero, n'kupita kukadikira minibasi.