Duwa la Sowo Yakale

Titamaliza mayeso omaliza a ku sekondale anzanga anabalalika, ena kukathandiza m'mashopu, ena kukagona tulo tomwe anatisowa zaka zinayi. Ine ndinasankha kukhala wosula zitsulo. Osati wa makasu ndi nkhwangwa, ayi. Ndinkafuna kusula duwa.

Gwero la zonsezi anali Pensulo, mwana wa atelala a pamphambano. Dzinali tinamupatsa kusukulu chifukwa tsitsi lake ankalikulunga n'kusomekapo pensulo. Akafuna kulemba ankangoisolola, tsitsi lonse n'kugwera m'mapewa, ine masamu n'kundithawa m'mutu. Zaka ziwiri ndinakhala kumbuyo kwake m'kalasi, koma mawu okhawo amene ndinamuuzapo anali akuti, "Tandibwereka labala." Tsopano anali pa ulendo wopita kwa azakhali ake, ku mzinda wakutali, kukaphunzira unamwino. Basi inali ya Loweruka m'mawa. Ndikalephera kumuuza za kumtima kwanga lisanafike tsikulo, ndiye kuti basi, kaya akakumana ndi madokotala angati kumeneko.

Pakamwa panga sindinkapadalira, ndiye ndinati chitsulo chindilankhulire. Ndinali nditaonera pafoni kanema wa mzibambo wina wandevu akusula duwa. Mphindi zinayi zokha, duwa latha. Koma chimene chinandidya mtima chinali kumapeto: analinyamula lili psu, n'kuliviika m'madzi. Tswee! Nthunzi inamuphimba nkhope yonse, iye osaphethira n'komwe. Ndinabwereza pamenepo mpaka batire linatha.

Ng'anjo ndinaimanga kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi chingwe choyanikira zovala. Ndinatenga limu yakale ya tayala la galimoto, n'kuimata dongo m'kati, n'kulowetsa paipi pansi pake yodzera mpweya. Makala ndinatapa m'thumba la amayi, pang'onopang'ono ngati khoswe. Mvukuto ndinalibe, koma achemwali anga anali ndi dulaya yowumitsira tsitsi. Ndinaimangirira kukamwa kwa paipi ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kukoka waya wa magetsi kudzera pawindo la kuchipinda.

"Iwe, dulaya yanga ikununkhiranji ngati mbaula?" anandifunsa achemwali tsiku lachiwiri.

"Ikutumikira luso, achemwali."

"Luso lake ndi kamtsikana ka atelala kaja? Aliyense akudziwa, Mlakatuli iwe. Ngakhale galu wa aneba akudziwa. Amene sakudziwa ndi mwiniwake yekha. Ikangopsa, udzandiwumitsa tsitsi ndi pakamwa."

Zotsalazo ndinakapempha kwa amalume, amene ndi makanika wa malole. Anandibwereka hamala, chopanira cha m'manja ataliatali, ndi chitsulo cholemera chochokera ku ekiselo ya lole choti ndizisulirapo. Kamtengo ka duwalo ndinasankha kachitsulo kozungulira kotsala pa zotchingira mawindo. Za timasamba ndinatola sowo yakale ya matabwa imene inali pamulu wa zotaya, chifukwa inali yopyapyala ndiponso inkalira bwino ndikaigogoda.

Amalume anaiyang'ana sowoyo, n'kundiyang'ana ine.

"Mphwanga, tenga lata wamba uyu. Safuna zambiri."

"Lata, amalume? Wofolera khola?"

"Chabwino, bwana mkubwa. Koma tamvera. Zitsulo zako ziwirizi si pachibale. Cha mawindochi n'chofatsa, ungachiviike m'madzi, ungachitukwane, sichisunga mangawa. Koma cha sowo n'chamkwiyo. Ukachiviika m'madzi chili chofiira chimauma gwa ngati galasi. Ukamaliza, ulikwirire duwa lakolo m'phulusa lotentha, ulisiye lizizire lokha mpaka mawa lake. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Ndati chiyani?"

"Phulusa."

Kunena zoona, pamene ankalankhula ine ndinali pasiteji ya basi, m'maganizo, nditavala malaya oyera, Pensulo akulira.

Ntchito ya mphindi zinayi ija inanditengera masiku asanu. Lolemba moto unakana kuyaka bwino chifukwa dongo linali lisanaume, ndipo utsi unadetsa nsalu za pabedi zimene amayi anayanika. Lachiwiri ndinaphunzira kuti chitsulo chikasiya kufiira sindiye kuti chazizira; chala changa chachikulu chinatupa ngati phwetekere. Lachitatu ndinaotcha sowo ija kuti ifewe, n'kudula ndi tchizulo timagawo tinayi tozungulira tokhala ndi timasamba tisanutisanu, n'kuboola pakati. Kamodzi ndinakaiwala pamoto ndikulemba ndakatulo, dulaya ili ng'aa, ndipo kanathetheka ngati nyenyezi n'kusanduka chinthu chonga bisiketi yolumidwa. Ndinadula kena.

Lachisanu masana ndinalowetsa timagawo tija pakamtengo, n'kukhoma pamwamba kuti tigwire. Kenako ndinayamba kupinda timasamba ndi chopanira, kamodzikamodzi, kuotcha, kupinda, kuotcha, kupinda. Kumunsi kwa kamtengo ndinakusongola pang'ono. Thukuta linkagwera pamakala. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, ndinakweza chopanira m'mwamba n'kuona chinthu chimene sindinachiyembekezere: linali duwa. Lopendama, inde, longa kabichi wamng'ono kumbali imodzi, koma duwa. Linali psu, likuwala ngati mtima wa munthu.

Phulusa linali pomwepo m'limu, lotentha bwino. Nthawi inalipo yokwanira, usiku wonse. Koma pambali panga panalinso ndowa ya madzi, imene ndinaika Lolemba lomwe, ndisanayatse n'komwe moto. Ndinaganiza za mzibambo wandevu uja. Ndinaganiza zoti duwa lokongola chonchi ndilikwirire ngati mbatata, ndisalione mpaka mawa. Ndinadzifunsa kuti kodi amalume amadziwa chiyani za maluwa, munthu amene anafunsira mkazi wawo ali pansi pa lole.

Tswee!

Nthunzi inandiphimba nkhope. Ndinayesetsa kusaphethira, koma ndinatsokomola. M'madzimo ndinamva timawu tating'ono, ti, ti, ndipo ndinati ndi chitsulo chikuimba.

Loweruka ndinavala malaya oyera aja, duwa ndinalikulunga m'mpango wa achemwali. Pasiteji panali fumbi, mahutala, ndi ogulitsa madzi. Pensulo anali atakhala pachikwama chake, bambo ake ataima pambali ndi tepi yoyezera ili m'khosi, ngati kuti basi nayonso aiyeza.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka. Ndiwe mwana wa uko kukufuka utsi sabata yonse kuja?"

"Ndine ndemwe."

"Timayesa mukuwotcha njerwa." Anandiyang'ana malaya. "Kolala iyi anakusokera ndani? Ayi, usanene, ndingadane naye." Anapita kukakangana ndi kondakitala za malo a chikwama.

Ndinatsala ndi Pensulo. Mawu onse amene ndinaloweza anakwera basi ina. Ndinangotambasula mpango.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa, akumwetulira.

"Duwa."

"Ndikuona. Wapanga wekha? Ndi chala chimenechi?"

"Maluwa enawa amafota," ndinatero. "Koma ili silidzafota, silidzathothoka, ngati mmene..."

Ndisanafike pa chikondi changa, diso langa linagwera pa tsamba limodzi lakunja limene linapindikira m'kati. Linkawononga zonse. Ndinati ndingolikankha pang'ono ndi chala kuti liongoke.

Thyo!

Tsambalo linagwera m'fumbi. Podzidzimuka ndinagwetsa duwa lonse pasimenti, ndipo linalira ngati kapu ya tiyi. Timasamba tinamwazika, kena pansi pa basi, kena pa nsapato ya mayi wina wogulitsa nthochi, amene anakatola n'kufunsa ngati ndi ndalama yakunja. Chimene chinatsala chathunthu ndi kamtengo kaja, kachitsulo kofatsa ka mawindo, kali ndi kamutu pamwamba ndi kansonga pansi.

Pensulo anaseka. Anaseka mpaka anagwira chikwama, misozi ili mbwembwembwe. Kulira ndinakulota kuja kunachitikadi, kungoti kunadzera njira ina.

"Ngati mmene chiyani?" anafunsa atapuma. "Malizitsa."

"Ndaiwala."

"Wabodza iwe. Zaka ziwiri ukupumira m'khosi mwanga, malabala anga asanu ndi awiri sunabweze, lero wandibweretsera msomali."

"Amalume anati ndilikwirire m'phulusa mpaka mawa."

"Ndiye?"

"Ndinaliviika m'madzi."

"Chifukwa?"

"Limalira bwino."

Anapukusa mutu. Kenako anawerama, natola kamtengo kaja, n'kukapukuta pasiketi. Anasolola pensulo m'tsitsi lake, tsitsi lonse n'kugwera m'mapewa monga kale. Analikulunganso, n'kusomekapo kachitsuloko.

"Kakulemera," anatero, "koma kakugwira." Anandiika pensulo ija m'thumba la malaya. "Pafoni usandilembere, umathamanga. Lemba kalata ya papepala, uiwerenge mawa lake usanatumize. Ndibwera pakatha miyezi inayi. Ukapanganso lina, umvere amalume ako."

Atelala anabwerera atapambana mkangano wawo. Anayang'ana m'mutu mwa mwana wawo, n'kuyang'ana zidutswa zili pansi, n'kundiyang'ana ine.

"Mnyamata, nsalu timayeza kawiri tisanadule. Tola zinyalala zakozi, zingaboole matayala."

Basi inanyamuka ine nditagwada m'fumbi ndi malaya anga oyera, ndikutola timasamba. Ndinakweza dzanja mochedwa, ndipo amene anandibayibitsa anali kondakitala.

Amalume nditawaonetsa zidutswazo sananene kuti ndinakuuza. Anangotenga kamodzi, n'kukathyola ndi zala ziwiri ngati bisiketi, n'kundipatsa sowo ina. Achemwali analanda dulaya yawo, choncho tsopano ndimapopa mpweya ndi pampu ya njinga, ndipo dzanja langa lamanja layamba kuposa lamanzere.

Duwa lachiwiri ndalimaliza lero masana. Lili m'phulusa, ndowa ndaitaya madzi n'kuivundikira kutali. Kalata nayonso ndalemba, masamba asanu ndi limodzi, ili pansi pa pilo kudikira mawa. Duwalo ndalifukula kawiri kokha, kungoona ngati likuzizira bwino.