Foni ya Malemu Ikulirabe

Lolemba lililonse foni ya malemu bambo inkalira m'dirowa. Mayi ankaitchajabe chifukwa munali zithunzi. Uthenga unali womwewo: "Bwerani kuchipatala mudzatenge mankhwala anu." Koma foni ya mayi, amoyo odwala shuga, inali zii.

Pulogalamu yotumiza mauthengawo inalembedwa ndi mwana wawo yemwe, amene anzake ankamutchula Chatsopano. Dzinali silinabwere pachabe. Akangomva kuti pa intaneti patchuka chiyankhulo china cholembera mapulogalamu, mtima wake unkangoti dyokodyoko.

Chaka chatha chinatchuka chotchedwa Nyenje. Anzake anamuuza kuti aliyense wasamukira kumeneko, otsala ndi nkhalamba zokha. Aphunzitsi ake akale a zamakompyuta anamuletsa. "Mwana wanga, usawerenge oombera m'manja. Funsa kuti chikadzawonongeka adzakonze ndani. Odwala si poyeserera." Iye anangoseka, nafufuta pulogalamu yakale yomwe inalibe vuto, nalemba ina m'Nyenje.

Posakhalitsa pulogalamu ija inaumitsa khosi. Anamwino anamuimbira kuti maina a omwalira akukana kufufutika, ndipo a odwala atsopano akukana kulowa. La mayi ake, omwe anali atangowapeza ndi shuga, linali m'gulu lokanidwalo, koma manyazi anamugwira, sanawauze.

Anathamangira kubwalo la pa intaneti kumene okonda Nyenje ankathandizana. Anapeza kuli zii ngati kumanda. Eni chiyankhulocho anali atachisiya, khamu lonse litathamangira chiyankhulo china. Atalemba funso, anamuyankha makina olonjera alendo: "Takulandirani! Tilipo ambiri." Analembanso, yankho lomwelo.

Mayi nawo ankangodikira. Mankhwala atatha ankati pulogalamu ya mwana wawo iwauza tsiku. Anagwa m'khitchini masanasana, mpeni wa anyezi uli m'manja.

Anatsitsimukira m'wodi, Chatsopano ali pambali pa bedi, mantha atamugwira. Linali Lolemba, ndipo m'chikwama cha mayi munalira foni ya malemu ija, yomwe Chatsopano anaitenga m'dirowa pamodzi ndi zovala zawo. Mayi anaiwerenga, namuyang'ana.

"Mwanawe, chinthu chakochi chikukumbukira bambo ako okha? Ine chikudikira ndife kaye?"

Chatsopano anatuluka m'wodimo misozi ili mbwee. Anapita kwa aphunzitsi aja mutu uli pansi, ndipo anayamba kulembanso zonse m'chiyankhulo cha nkhalamba chija. Lolemba lotsatira foni ya malemu sinalire. Inalira ya mayi.

Phunziro: Pa ntchito yokhudza miyoyo ya anthu, osasankha chida chifukwa chatchuka. Khamu limasamuka, koma odwala amatsala nawe.