Zala Zokana Kudinda

Wapolisi wamkaziyo anagwira chala chachikulu cha Chitsiriza n'kuchikanikizanso pa kagalasi ka makina odindira zala. Anachipukuta ndi kansalu, kuchiuzira mpweya, n'kuyesanso. Makina anangoti zii, kanyali kake kofiira kali phethiphethi.

"Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimathandiza achemwali angawa kuchapa."

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Taonani nokha." Wapolisi uja anatembenuza dzanjalo. Nsonga za zala zinali see, ngati sopo wotsala pang'ono kutha. "Mizere yonse inadyeka. Ndidinda chiyani pamenepa?"

Mkulu wake wa Chitsiriza, amene anthu am'dera lonselo amamutcha Mai Thovu, anali ataima pakhomo chikwama chili m'khwapa. Munthu ameneyu pakamwa sipamuuma. Amatha kukangana ndi kondakitala mpaka kondakitalayo kupepesa pa mlandu umene sanapalamule. Koma apa anangofinya chikwama chake m'khwapamo.

Nkhani yake inali yotere. Mwamuna wa Chitsiriza anapita kukagwira ntchito kudziko lakutali, ndipo atakhazikika anamulembetsera mkazi wake viza yoti akakhale naye. Mapepala onse anali atapita kale, ndi kalata ya kupolisi ya kwawo yomwe, ija yotsimikiza kuti munthu sanapalamulepo mlandu. Chotsala chinali kudikira tsiku la intavyu ku ofesi ya kazembe. Ndiye Mai Thovu, amene amakhala m'dziko loyandikana ndi kwawoko, komwe amachita bizinesi yochapira anthu ndi hotela ina zovala, makina ake ochapira atafa anangotola foni.

"Iwe, m'malo mongokhala n'kumawerenga malata akudenga, bwera kuno udzandigwire mkono. Miyezi iwiri yokha."

Miyezi iwiri yokha! Wachibale akakuuza choncho, uzinyamuliratu zovala za dzinja ndi zachilimwe zomwe. Iwiri ija inabala inayi, inayi n'kubala ina. Makina sanakonzedwe, nanga akanakonzeranji pomwe panali manja ochapa bwino kuposa makina? Chitsiriza akati, "Achemwali, ine ndizibwerera," yankho linkakhala lili kale pamlomo: "Mwezi uno wokha, tithane ndi a hotelawa."

Tsiku la intavyu litatuluka, a kazembe anaonjezera mfundo imodzi. Popeza wakhala m'dziko lina kupitirira miyezi isanu ndi umodzi, abweretsenso kalata ya kupolisi ya dziko limenelo. Popanda kalatayo asavutike n'kubwera komwe, tsiku lake lipita kwa wina, iye akayambirenso kumchira kwa mzere. Akanabwerera kwawo nthawi imene ankapempha ija, kalata yachiwiriyi sikanafunika. Palibe anazitchula zimenezi, koma onse awiri ankazidziwa.

"Manjawa apume," anatero wapolisi uja. "Asakhudze sopo, asakhudze mankhwala oyeretsera nsalu. Azidzola mafuta m'mawa ndi madzulo. Mubwerenso pakatha milungu itatu. Zikadinda tsiku limenelo, kalata ituluka intavyu isanakwane. Mukaphonyanso, musadzati sindinanene."

Panjira Mai Thovu anatukwana makina aja mpaka pamalo okwerera basi. Makina anji osaona chala cha munthu wamkulu wokwatiwa? Koma mumtima ankadziwa amene anadya zala za mng'ono wake, ndipo sanali makina. Manyazi anamugwira moti analowa m'sitolo n'kugula botolo lalikulu la mafuta ndi magolovesi.

"Kuyambira lero, ukangokhudza madzi ndikudula manjawo."

"Ndiye ndikadinda ndi chiyani, achemwali? Mphuno?"

Anaseka onse, koma kuseka kwa Mai Thovu kunathera m'njira.

Kuseri kwa nyumba kunali mabeseni atatu akuluakulu, mpopi wotayikira, ndi zingwe zoyanikapo zodutsana kuchokera kukhoma mpaka kumpanda. Mai Thovu anabwerera pa mabeseniwo yekha. Msana unayamba kumukumbutsa zaka zake tsiku lachiwiri lomwe. Chitsiriza ankakhala pa ndowa yovundikira, manja onyezimira ndi mafuta ali pamiyendo, akungotembenuka ngati wakhalira nyerere. Mwanayu chibadwire satha kuona ntchito ili pansi. Ali wamng'ono ankatsuka mbale anthu asanamalize kudya.

"Achemwali, ndingotsukuluzako matawulowo."

"Usakhudze!"

Mawu amenewa ankamveka tsiku ndi tsiku, mpaka ana a eninyumba anayamba kuwaimba ngati nyimbo. M'mawa uliwonse Mai Thovu ankatengera dzanja la mng'ono wake pawindo n'kumaliyang'anitsitsa. Sabata yachiwiri timizere tinayamba kuoneka, topyapyala, pakhungu latsopano lofewa. Anakondwa, zoona anakondwa. Koma pansi pa chimwemwecho panali kanthu kena konyansa. Mizere ikabwerera, mwanayu apita. Iye adzatsala ndi mabeseni atatu, msana wothyoka, ndi chipinda chopanda womuyankha akamalongolola.

Kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere kupolisi, galimoto ya hotela inatsitsa mitolo iwiri ikuluikulu. Kunali msonkhano, nsalu za pabedi ndi za patebulo zinali zothimbirira ndi supu ndi zakumwa. Dalaivala anasiya uthenga wa abwana ake: zifike mawa m'mamawa, apo ayi apeza wochapa wina.

Mai Thovu ananyika nsaluzo m'mabeseni onse atatu. Mankhwala anathira ochulukirapo chifukwa cha madontho aja, fungo lake mpaka kuwawa m'maso. Atatero anawongoka, dzanja lili pamsana, n'kuusa moyo mokweza.

"Kaya izi ndizitha bwanji ine. A hotela akangotithawa, basi, tigona ndi njala."

Kenako anatenga thumba la malaya osita a mphunzitsi wina wa kutsidya kwa tauni. Mphunzitsiyo anali atanena yekha kuti malayawo alibe nawo changu. Magolovesi anali pachingwe, ong'ambika zala, poti Mai Thovu anali atawavala yekha masiku onsewa mpaka kuwatha. Anawaona. Anaonanso mng'ono wake ali pa ndowa paja, maso ali pa mabeseni. Atafika pageti, mawu aja a tsiku ndi tsiku anabwera mpaka pamlomo. Anawameza, n'kutseka geti.

Kutauni sanafulumire. Anacheza ndi mphunzitsi uja za ana a masiku ano. Anaima kwa telala kufunsa mtengo wa nsalu imene sankafuna kugula. Basi yoyamba itabwera anati yadzaza kwambiri. Mtima unkamuuza kuti thamanga, mwina sanayambe. Miyendo inkachita zake.

Anafika dzuwa litapendeka. Asanatsegule n'komwe geti anaona zingwe zonse zili mbee, nsalu zikukupiza ndi mphepo. Chitsiriza anali pa ndowa paja, manja atawapanira m'khwapa.

"Wachita chiyani iwe? Ndione manjawo! Ndione!"

Khungu latsopano lija linali litasupuka, pena poyera ngati pepala lonyowa, pena pofiira. Mai Thovu anakuwa mpaka eninyumba anasuzumira pawindo. Anamutcha wosamva, chitsiru chofuna kufera m'beseni. Anakuwa kwambiri dala, kuti asamve zimene mtima wake unkanena. Chitsiriza anangomuyang'ana mkulu wakeyo mpaka mawu anamuthera okha.

M'mawa mwake nsalu zinapita ku hotela pa nthawi yake. Kupolisi, makina analandira zala ziwiri zazing'ono, zina zonse anakana. Wapolisi uja anayesa ndi inki papepala, panangotuluka madontho akuda opanda mzere. Anavula magalasi ake. Sanayang'ane Chitsiriza, anayang'ana Mai Thovu.

"Kodi sindinanene?"

Madzulo mwamuna wa Chitsiriza anaimba foni ya vidiyo ali m'chipinda chake. Asanafunse n'komwe anayamba kuzungulitsa foni, kuonetsa makatani atsopano ndi jekete lokhuthala limene anagulira mkazi wake, likadali ndi kapepala ka m'sitolo.

"Nanga zayenda? Adinda?"

"Zakana."

Foni inasiya kuzungulira.

"Zakana bwanji? Si munati mizere yabwerera?"

"Ndine ndalakwa," anatero Chitsiriza. "Achemwali anandiletsa, anandigulira ndi magolovesi omwe. Atangotuluka dzulo, ine n'kuchita makani."

Mwamunayo anapukusa mutu, anapukuta kumaso ndi dzanja, kenako anati foni ipite kwa alamu ake. Mai Thovu anailandira ndi manja awiri.

"Alamu, pepani kwambiri. Mng'ono wanuyu ndimamudziwa, akafuna chinthu samva za munthu. Inu mbali yanu mwachita. Tsiku lina likadzatuluka, kaya ndi chaka chamawa kaya liti, tidzayesanso. Pakadali pano mupitirize kundisungira. Popanda inu sindikudziwa kuti tikanatani."

Mai Thovu anatsegula pakamwa. Zonse zinali pomwepo, malaya opanda changu aja, basi imene anaisiya dala, mawu amene anameza pageti. Akanangonena. Koma nkhope ya mlamu wake inali yodzaza ndi ulemu, ndipo iye anaopa kuiona ikusintha.

"Musadandaule, alamu," anatero. "Ndi mwana wathu."

Foni inaduka. Chitsiriza anatenga botolo la mafuta lija, analipanira pakati pa mawondo, n'kumayesa kulitsegula ndi zikhatho poti zala zinkamuwawa. Mai Thovu anatambasula dzanja kuti amuthandize. Chitsiriza anakokera botolo kwa iye.

"Mukanangondiuza kuti ndichape, achemwali," anatero motsitsa mawu, osadzutsa mutu. "Ndikanachapa ndithu. Simukanavutika n'kupita kutsidya konse kuja."