Tchuthi cha Mwandida

1.
Hvad skal du lave i ferien? Ndiye kuti, tchuthi chino uchita chiyani? Mphunzitsi Birgitte akufunsa mmodzimmodzi m'kalasi ya Chidanishi ku Aarhus, m'dziko la Denmark, mawu akutulukira kukhosi ngati munthu watsamwa ndi mbatata. Mwandida akunyansidwa ndi mayankho a anzake.

2.
Anthu opanda manyazi! Uyu apita ku Spain, tsiku lakuti, ndege yakuti. Uyo kunyanja ndi galu wake. Mpaka hotela kuitchula dzina, asa! Kwawo ku Mchinji ulendo salengeza. Ukalengeza, ansanje amakutsekera njira.

3.
Nanga iwe, Mwandida?
Jeg bliver hjemme. Ndikhala pakhomo.
Bodza. Tikiti ili m'chikwama. Akupita kukaona mwana wake Takondwa, yemwe anamusiya akukwawa m'manja mwa achemwali ake a Eluby. Pano akuti wayamba sukulu, ndipo mayi ake amawadziwira pafoni.

4.
Nsapato zapinki.
Chidole chotsinzina.
Juzi.
Chokoleti.
Achemwali akuimba foni: kukuzizira kumeneko? Eya, kukuzizira. Lilime likuyabwa, iye akuliluma. Ulendo salengeza.

5.
Ndege, ndege ina, minibasi, kabaza, fumbi m'kamwa, mtengo wa mango womwe uja pabwalo, achemwali kutuluka manja ali thovu lokhalokha n'kuima chilili ngati aona mzukwa, iye osawapatsa n'komwe moni, maso kuseri kwawo, kuseri kwa chitseko, kuseri kwa bafa, kufunafuna kamutu kakang'ono, chidole chili kale m'manja

6.
Mwana ali kuti, achemwali?
Bambo ake anabwera sabata yatha. Amutengera ku Joni.
Osandiuza?
Anati tisanene mpaka akafike. Ndimayesa munagwirizana. Iwenso, mng'ono wanga, kubwera ngati mbala! Ukanati ukubwera, mwanayo ndikanamukaniza, ngakhale kumubisa pansi pa bedi.
Mwandida akubweza chidole m'chikwama.

7.
Aarhus, mvula. Birgitte akumwetulira, khungu lapsa ndi dzuwa la ku Spain. Lero tikamba za tchuthi chapitachi. Mwandida, iwe unakhala pakhomo, eti?

Mwandida akudzinyansa. Tsopano akufuna kunena zonse, kalasi yonse imve: tsiku, ndege, mudzi, dzina la mwana. Akutsegula pakamwa. Chidanishi chake sichikukwana.

Ja, eya, akuyankha. Birgitte akumuyamikira, n'kupita kwa wotsatira.