Boti la Abdul Silinasowe

Chaka chimene Bungwe la Chimodzimodzi linatenga dziko, kugombe la ku Benga kunafika lamulo loti maboti onse apakidwe penti wotuwa, chifukwa mitundu imadzetsa nsanje. Mayina a maboti anafufutidwa, lililonse n'kulembedwa kuti "Tavomera". Anthu anawomba m'manja. Amene sanawombe anatengedwa kukaphunzira kuwomba ku boma, ndipo ena mpaka lero akuphunzirabe.

Abdul, msodzi wa usipa, anali ndi boti lofiira lolembedwa dzina la mkazi wake, Madina. Analipaka yekha penti wotuwayo akumwetulira, poti kumwetulirako kunalinso m'lamulo.

Mu June mwera unavuta. Tsiku lina m'mawa maboti anakocheza pochokera ku usodzi wa usiku, koma Abdul sanatsike m'boti lililonse. Madina anayenda gombe lonse akufunsa asodzi, onse ovala malaya otuwa, ndipo onse anamuyankha moni wovomerezeka: "Tonse tilipo, tonse tili bwino."

Anapita kwa Faizal, wapampando wa gombe, amene anakulira limodzi ndi Abdul ku madrasa.

"Bambo a kunyumba sanabwere, a tcheya."

"Boti lawo dzina lake n'chiyani, mayi?"

"Tavomera."

Faizal analoza kumchenga. "Si awo a Tavomera ali mbwee? Mukufuna liti?"

"Ndikufuna mwamuna wanga. Tumizani anthu akamufunefune."

"Chiyambireni Chimodzimodzi sikunasowepo munthu, mayi. Kusowa kunali kwa kale, anthu akadali osiyana." Anatsitsa mawu, maso ali pakhomo. "Alamu, pitani kunyumba. Mawu akuti 'wanga' musawabwerezenso muno."

Mtembo unapezeka m'bango patapita masiku. Anaupeza ndi Zangaphee, mayi wogulitsa nkhuni, amene anazindikira Abdul ndi chipsera cha mbedza pachala. Bungwe linalengeza kuti nyanja yabweza malaya amodzi a Bungwelo, ndipo linaiyamikira chifukwa cha kukhulupirika.

Madina anapempha chilolezo cha maliro. Anamulola, bola mwambowo utchedwe chikondwerero cha mgwirizano. Shehe anatsogolera mapemphero a maliro mofulumira osatchula dzina la malemuyo. Amuna atabwerako kumanda, anthu anadya mpunga, Faizal n'kulankhula za ubwino wa penti wotuwa, amene sasuluka ndi dzuwa.

Madina sanalire. Ankaopa kuti kulira kwake kungasiyane ndi kwa anzake. Zangaphee anadzakhala pambali pake pamkeka, namugwira dzanja pansi pa chitenje.

"Abdul," ananong'oneza mayiyo. "Ankandigulitsa usipa wabwino, koma pamtengo anali wouma mutu."

Madina anaseka, kenaka misozi inatsika, nalira mokweza mpaka Faizal anasiya kulankhula. Anthu anayang'anana, osadziwa ngati zimenezi n'zololedwa. Faizal anauza mlembi wake kuti Madina walira ndi chimwemwe.

Mlungu wotsatira Madina analandira chitenje chotuwa, mphoto ya mayi wokondwa kwambiri wa ku Benga.