Bulawuza Yosasunga Miseche

"Usatseke," anatero mdalayo ali pakhomo. "Ndati usatseke. Makutuwo ndi okongoletsa mutu?"

Mwana wake wamwamuna anachotsa dzanja pa laputopu n'kulikweza m'mwamba ngati munthu amene wagwidwa.

"Sindikutseka, bambo. Ndikungopukuta fumbi."

"Fumbilo lakulakwira chiyani?"

Munali m'chipinda chosokera. Anthu a pamaliro anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, ndipo m'nyumba munatsala anthu atatu: mdalayo, mwana wamwamuna wa ku ofesi, amene ngakhale kumanda anapita atamanga tayi, ndi mwana wamkazi, namwino. Pa makina osokera panali diresi la munthu wina, singano itaima pakati pa mpendero. Pakatebulo ka pawindo panali laputopu yoyaka, monga mmene mkazi wake anaisiyira tsiku limene anamunyamula kupita naye kuchipatala. Pamwamba pake panalendewera kansalu kotuwa. Mdalayo ankalowa m'chipindamo kudzaona ngati kanyale kake kobiriwira kakadali moyo, koma kuigwira sanaigwirepo.

Anadana nayo kuyambira tsiku limene wa tayiyo anabwera nayo. Chinthu chokhala ndi diso pamphumi, iye anati, ndi kazitape basi. Mkazi wake anangoseka. Ankamutchula kuti a Sindifuna, chifukwa foni anati sindifuna, magalasi a maso sindifuna, ndipo nyuzipepala anasiya kugula ati muli mabodza okhaokha. Zoti zilembo zinayamba kusambira m'maso mwake ngati tinsomba, sanauze munthu.

Mkaziyo anali telala, ndipo poyamba ankaonerapo masitayilo a madiresi. Koma matenda atamugwira anayamba kukhalitsa pakatebulopo. Mdalayo akalowa, iye ankaweramitsa galasi la laputopuyo msangamsanga n'kufunsa kuti, "Mwafuna chiyani lero, a Sindifuna?" Mdalayo ankaona, n'kusunga mumtima.

Namwino analowa ndi tiyi. Anaika kapu ya bambo ake kumanzere, monga ankachitira mayi ake. Dzanja lamanzere la mdalayo aphunzitsi analimenya ndi rula mpaka mwini wake anathawa sukulu, koma silinasinthe.

"Bambo, ine ndikunyamuka mawa," anatero wa tayi. "Kwathu mwakana kupita."

"Sindifuna."

"Chabwino. Ndiye chinthuchi ndichikonze, tizionana nkhope tikamalankhula. Choyamba ndichotse bulawuza imene ilimoyi, ndiike ina."

"Lankhula ngati mwana wa munthu. Bulawuza ndiye chiyani?"

"Ndi khomo lolowera pa intaneti," anayankha namwino. "Makomowo alipo ambiri, munthu amasankha."

"Imene ndimagwiritsa ineyi imakumbukira chilichonse," wa tayi anapitiriza. "Ndiilumikiza ku foni yanga. Akuba akakutumizirani zachinyengo, ine ndiona ndili ku ofesi."

"Ndiye kuti ndikayetsemula muno, iwe udziwa uli pa mpando wako wozungulira uja?"

"Ndi chitetezo, bambo."

"Ndi ulonda. Ndinagwirapo ulonda, ndimaudziwa fungo."

Namwino anaseka pang'ono, koyamba chichitikire maliro. "Yanuyo, achimwene, imauma ngati nsomba ya padzuwa. Ukatsegula masamba angapo yayamba kupuma wefuwefu. Ndipo ndi ya pakamwa. Ndinangofufuzapo nsapato kamodzi, nsapatozo zinanditsata mpaka kuntchito."

"Nanga yakoyi? Iyi ndi ya anthu obisa zinthu. Ukangoitseka yaiwala zonse, ngati kuti munthu sanakhalepo."

Mdalayo anaika kapu pansi.

"Bwereza."

Wa tayi anayang'ana mlongo wake, kenako pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono. Bulawuza zina zimasunga m'ndandanda wa paliponse pamene munthu wapita. Iyi sisunga. Zimene mayi anaona m'miyezi yonse ija zinapita kale. Chatsala ndi zenera limodzi lotsegulali. Likadali lotsegula, munthu akhoza kudina kamuvi kobwerera m'mbuyo n'kuona masamba amene anaona tsiku lomalizalo. Likangotsekedwa, kwatha.

"Anaikamo ndani?"

"Ndine," anatero namwino. "Ndinawalangiza pa foni, iwo akudina okha."

"Anakupempha?"

"Anaimba masana ena ndili pantchito. Anati akufuna yosauma, chifukwa ikangouma kamodzi iponyedwa panja. Ya mabatani ochepa. Kenako anati, koma mwanawe, chachikulu isakhale ya miseche."

"Miseche ya ndani?"

"Sananene."

"Iwe sunafunse? Sukulu yonse ija?"

"Bambo, mayi ankadwala." Anayang'ana kumbali. "Ndinaganiza kuti akuwerenga za matenda awo, ndipo sakufuna kuti tidziwe kuti akudziwa."

Mdalayo anayang'ana diresi lija pa makina. Ana amaganiza zabwino chifukwa sanakhale ndi moyo mokwanira. Iye anakumbukira wogulitsa nsalu uja, mwamuna wonenepa wonunkhira mafuta, amene ankabweretsa yekha katundu pomwe anyamata otuma ali nawo. Kumaliro analira kuposa mwini maliro, mpaka anthu kumugwira mapewa. Munthu amalirira kasitomala choncho? Ndipo mkazi amene wakhala nawe kuyambira tsitsi lili lakuda, angafunirenji khomo losasiya mapazi?

"Bwerera m'mbuyo," anatero. "Ndione."

"Bambo, ayi."

"Iwe khala chete. Unamuthandiza kubisa, wakwanitsa mbali yako."

"Anali amayi anga!"

"Anali mkazi wanga iwe usanakhale ndi dzina."

Namwino anaphimba pakamwa ndi dzanja n'kukaima pawindo, atawafulatira. Wa tayi anamasula tayi yake pang'ono n'kukhala pa mpando. Zinkaoneka kuti nayenso sakufuna, koma kuyambira ali mwana sankatha kukana bambo ake akumuyang'ana. Anapapasa kumanja kufuna kambewa kolozera, sanakapeze. Kanali mbali inayo. Anakakoka, chingwe chinakana, chinali chitamangidwa ndi ulusi ku mwendo wa tebulo. Anapinda mkono n'kudina choncho. M'malo mobwerera m'mbuyo, panatuluka kabokosi ka mawu. Anadinanso. Kabokosi komweko.

"Mwaona zimene ndikunena?" anatero mokwiya. "Chinthuchi chinasokonekera kale. Mabatani a kambewa ndi otembenuza, la kuno likugwira ntchito ya uko. Ndiye taonani zilembozi. Ngati chikwangwani cha pamsewu! Tsamba limodzi mawu asanu. Chemwali, kodi maso a mayi anali atayamba kufa?"

"Maso a ndani?" Namwino anatembenuka, akupukuta mphuno. "Kuchipatala anaona batani la yunifolomu yanga likulendewera. Anaitanitsa singano, n'kulowetsa ulusi okha, kamodzi, opanda magalasi. Manja akunjenjemera koma diso lili nga."

"Ndiye anakulitsiranji chonchi? Izi sizichitika zokha. Munthu amachita kulowa m'kati, kufufuza, kusintha chimodzichimodzi. Kwa munthu wosazolowera ndi ntchito ya masiku ambiri. Ndipo kambewa kumanzere, mayi sanali..."

Sanamalize. Panja galimoto inadutsa, mawindo n'kunjenjemera pang'ono.

Masiku onsewa mdalayo ankayang'ana kanyale kobiriwira kokha. Galasilo ankalizemba, poopa kuti zilembo zimuchititsa manyazi ngati za pa botolo la mankhwala. Tsopano anayandikira, n'kuliyang'ana maso ndi maso. Zilembo sizinasambire. Zinaima chilili, zakuda, zonenepa, chilichonse pamalo pake. Inali nyuzipepala ija anasiya kugula. Milomo yake inayamba kuyenda yokha. Mvu-la i-che-dwa cha-ka chi-no. Inali nkhani yakale, ya tsiku limene mkazi wake anatuluka m'nyumba muno atanyamulidwa.

Anawerenganso mzere womwewo. Panali patapita zaka asanamalize mzere popanda kunamizira kuti m'maso mwalowa kachitsotso.

"Ikangouma kamodzi iponyedwa panja," namwino ananong'ona. "Mayi sanatayepo ngakhale kachidutswa ka nsalu. Woponya zinthu panja m'nyumba muno ndi mmodzi."



"Ndibwerere m'mbuyo, bambo?" anafunsa wa tayi, mawu ali pansi. "Ndadziwa tsopano batani lake."

Mdalayo anayang'ana kamuvi kaja pakona. Nakonso kanali kakakulu, kosavuta kupeza. Kuseri kwake mwina kunali wogulitsa nsalu. Mwina kunali dzina la matenda aja ndi masiku amene amapatsa munthu. Mwina masitayilo a makolala basi. Mtima wake wakale uja, umene sunakhulupirirepo bwana, m'busa kapena sikelo ya m'sitolo, unkamuuza kuti dina, udziwe, usapusitsidwe ndi munthu wakufa.

"Nyamuka," anatero.

Mdalayo anakhala pa mpandowo. Anaika dzanja lamanzere patebulo, ndipo kambewa kanali pomwepo, pansi pa chikhatho, chingwe chake chokwanira ndendende. Chala cholozera chinagwera chokha pa batani. Anasuntha pang'ono, kamuvi koyera ka pagalasi kanathawira kudenga. Anatukwana chapansipansi n'kukabweza.

"Potsekera ndi pati?"

"Bambo," anatero wa tayi, "mukatseka ndiye basi. Ngakhale ine sindingazibwezenso."

"Ndakufunsa za kubweza?"

Namwino anabwera kumbuyo kwake n'kuloza pakona ya kumwamba. Mdalayo anayendetsa kambewa pang'onopang'ono, ngati munthu wokankha wilibala yodzaza. Anaphonya, n'kubwerera. Atafika anaima kanthawi, akupuma ndi pakamwa. Kenako anadina.

Nyuzipepala inazimiririka. Panatsala galasi lopanda kanthu ndi kachizindikiro kamodzi pakati penipeni.

Namwino analira tsopano, kulira kumene anakubisa kumanda pamene ankagwira ena. Mchimwene wake anamugwira phewa, nayenso akuyang'ana kudenga ngati kuli chowerenga.

"Potsegulira ndi apa?" anafunsa mdalayo, osatembenuka.

"Pomwepo. Kawiri, mofulumira."

Koyamba anachedwetsa chala. Kachiwiri zinatheka. Nyuzipepala ija inabwera yokha, zilembo zake zazikulu zomwe zija, koma nkhani zinali za lero. Za mvula zija panalibenso.

Wa tayi anakonza kukhosi. "Ndiye tiike iti, bambo? Ija ndimanena ine, kapena..."

"Yakoyo sindifuna."

Namwino anaseka misozi ili m'masaya, kuseka kosweka, chifukwa m'chipindamo munasowa munthu woti ayankhe kuti tamva, a Sindifuna.

"Chabwino," anatero wa tayi. "Koma kuti tizionana, kansalu aka kachoke. Katseka kamera." Anatambasula dzanja.

"Siya."

Mdalayo anakagwira yekha. Masiku onsewa ankakayesa kachidutswa kongogwera pamenepo, monga zidutswa zinkagwera paliponse m'chipindamo. Zala zake zinamuuza zina. Kanali kopinda m'mphepete, kosokedwa ndi manja, ulusi wake waung'ono kwambiri moti makina sangathe. Nsaluyo anaidziwa ndi khungu: inali ya malaya ake otuwa aja, amene anakangana naye mkazi wake sabata yathunthu kuti anawataya. Kanakwana pa diso la laputopu ngati chikope. Ndipo m'mbali mwake munali kachingwe kakang'ono kokwezera, koti munthu akafuna kuonedwa akweze yekha.

Kachingweko kanali kumanzere.

Anakakweza. Diso lija linamuyang'ana, laling'ono, lakuda. Iye analiyang'ananso kanthawi, kenako anatsitsa chikopecho bwinobwino, n'kuchisalaza ndi chala chachikulu.

"Ukafika uimbe," anatero kwa mwana wake wamwamuna. "Ndikafuna, ndikweza."